Apongozi Anga Ankakwerabe Basi

Zimene ndikunenazi si zongomva. Zinachitika pabwalo limene ndimakhala ndiponso m'basi imene ndimakwera mpaka lero. Wokayika akafunse adalaivala athu, a Pang'onopang'ono, munthu wofatsa amene ngakhale hutala amaiimba ngati akupepesa. Akafunsenso Mayi Wailesi, osesa m'maofesi, ngakhale kuti iwowo nkhani amaithira mchere. Ine sindithira. Ndinena mmene ndinaonera.

Apongozi anga aamuna ankagwira ntchito pa fakitale ya sopo. Ankasonkha malasha pa boyila, ndipo ntchitoyo anaiyamba ali mnyamata mpaka imvi zinadzaza mutu, moti dzina lawo lenileni linaiwalika. Aliyense ankangoti a Boyila. Moto wawo ukapanda kuyaka makina sankayenda, choncho ankachoka kunyumba kudakali mdima n'kukakwera basi ya antchito, imene imazungulira m'makwalala kutola anthu a m'mafakitale a mbali imeneyo.

Ine nditapeza ntchito yosoka mayunifolomu kufupi ndi fakitale yawo, ndinayamba kukwera basi yomweyo. Tinkakhala bwalo limodzi: iwo ndi apongozi aakazi m'nyumba yaikulu, ine ndi amuna anga m'kanyumba ka kuseri, kumenenso amuna anga amakhomera mipando ndi matebulo. M'mamawa uliwonse a Boyila ankagogoda pawindo lathu ndi chala chimodzi.

"Apongozi, kwacha. Mukachedwa ndi zodzoladzolazo tikusiyani."

Sanandisiyepo. Ankatsogola, ine m'mbuyo, galu wathu n'kutiperekeza mpaka pageti. M'basi iwo ankakhala kumbuyo kwa dalaivala, pawindo. Ine ndinkapita kumapeto kwenikweni, poti kukhala mpando umodzi ndi apongozi n'kumawodzera pa phewa lawo kunali kosatheka.

Anthu a basi ya m'mamawa amasanduka abale osafuna. Umadziwa amene amakwera akutafuna, amene amagona asanakhale n'komwe, amene mwana wake wadwala. Munthu ankadziwika ndi chifuwa chake mumdima. A Boyila ndi amene ankapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, n'kumaliza ndi adalaivala: "Lero tifika, kapena tigona m'njira?"

Tsiku lina Loweruka madzulo, akuvula nsapato pakhonde, anagwera chammbali. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu atatheratu. Maso okha ndi amene ankayenda. Kufakitale anaikapo munthu wina, poti moto suyembekeza wodwala. Ine ndinapempha tchuthi kuti ndithandize apongozi aakazi kuwasambitsa ndi kuwatembenuza.

Tsiku lina tikusintha nsalu za pabedi, apongozi aakazi anaseka, misozi ili m'maso.

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikuona msana wa bambowa ukutuluka pakhomo. Amabwera atatopa, kudya, kugona. Tsopano ndiwaona nkhope mpaka ndikhute."

Tchuthi chitatha ndinabwerera kuntchito. M'mawa umenewo panalibe wogogoda pawindo, moti ndinachedwa. Ndinafika pasiteji ndikuthamanga, basi itaima kale, n'kukwera nditaweramitsa mutu mpaka pampando wanga wa kumapeto. Mayi Wailesi anasendera pafupi.

"Mwabwera, achemwali! Tikuthokoza Mulungu kuti a Boyila achira. Koma matendawa awalanda moni. Masiku onsewa amangokwera duu, ngati tinawalakwira."

Ndinawayang'ana. Ndinkaganiza kuti ndi nthabwala yosakoma.

"Achira bwanji, mayi? Munthu sangathe n'kudzitembenuza komwe."

Mayi Wailesi anandiyang'ana modabwa. Kenako analoza ndi chibwano kutsogolo.

"Nanga awo ndani?"

Kumbuyo kwa dalaivala, pawindo, kunali munthu. Chipewa chabulauni chija. Jekete yong'ambika pa phewa, imene ndinaisoka ndekha ndi ulusi wosiyana mtundu. Khosi la makwinya, khutu la kumanzere lopindika pang'ono. Anakhala mowongoka, osawodzera, osatembenuka.

Ndinatulutsa foni n'kuimbira amuna anga.

"Pitani mukaone bambo."

"Ndili nawo pano," anatero ndi mawu a tulo. "Ndikuwafunditsa. Chavuta n'chiyani?"

"Ali bwanji?"

"Akuzizira pang'ono. Amayi akuti m'mawa uliwonse amatero."

Ndinadula foni. Mayi Wailesi anali atamva. Anandigwira dzanja mwamphamvu, ndipo nkhaniyo inayenda m'basimo mwa manong'onong'o, mpando ndi mpando, mpaka inafika kutsogolo. A Pang'onopang'ono anayang'ana pa galasi loonera kumbuyo. Anazimitsa wailesi. Mnyamata amene anakhala pafupi ndi mpando uja ananyamuka mwakachetechete n'kukaima pakati.

Palibe amene anatsokomola. Kunkamveka injini yokha, ndi windo lina lomasuka likugwedera.

Pageti la fakitale ya sopo basi inaima. Chitseko chinatseguka. A Boyila ananyamuka, miyendo yonse iwiri ili bwinobwino, n'kutsika. Masitepe a basi imeneyo ndi achitsulo, amalira ngakhale apondedwe ndi mwana. Sanalire. Anayenda kulowera kugeti, kumene nthunzi yochokera m'ngalande inkafuka. Mlonda sanadzutse mutu. Nthunzi inawaphimba, ndipo itapepuka panalibe munthu.

Tsiku limenelo ndinasoka manja a malaya motembenuza.

Madzulo ndinafotokoza kunyumba. Amuna anga anakwiya.

"Anthu okwera basi ali m'tulo amaona zambiri. Usadzanenenso zimenezi, anthu angatipekere nkhani."

Apongozi aakazi ankapinda thaulo pa bondo.

"Usawakalipire," anatero. "Ine ndinadziwa kale. Tambala akangolira koyamba, bambo ako amatsegula maso. Mpweya umachepa mpaka ndimaika khutu pamphuno pawo. Thupi limazizira ngati mwala wa kubafa. Amafunda dzuwa litakwera, moto wa uko utagwira. Akamafunda chipinda chonse chimanunkha utsi wa malasha. Ife tili ndi malasha pano?"



"Ndipo Lamlungu sapita," anawonjezera. "Amagona mpaka kuyera, ali ofunda ngati khanda."

M'mawa mwake ndinadzuka msanga n'kukaima pakhomo la chipinda chawo, amuna anga ali pambali panga. Nyali inali yochepetsedwa. Tambala wa aneba analira. Maso a a Boyila anatseguka n'kuyang'ana kudenga. Bulangete linkakwera ndi kutsika, kenako linkangogwedera pang'ono, kenako osaoneka n'komwe. Pabalaza, loko wa chitseko ananena kuti *tche*. Chitsekocho sichinatseguke. Panja galu anadzuka, unyolo wa m'khosi mwake ukulira. Tinasuzumira pawindo. Ankayenda kulowera kugeti akugwedeza mchira, mutu atakweza, ngati akuyang'ana munthu wamtali. Atafika pageti anakhala pansi.

Amuna anga anakhala pansi nawonso, pasimenti pomwepo.

M'basi anthu anazolowera, poti munthu amazolowera chilichonse akakhala kuti ayenera kufika kuntchito. Mpando wa pafupi nawo unkakhala wopanda munthu. Ena ankati akamakwera, "Mwadzuka bwanji, a Boyila," motsitsa mawu, osadikira yankho. Nkhope yawo palibe amene anaiona bwinobwino. Nthawi zonse inkaloza pawindo, ndipo pagalasi la windolo sipankaoneka kanthu koma magetsi a mumsewu.

Koma kunyumba munthu ankatha. Tsiku lililonse ankachedwerapo kufunda. Masaya analowa. Namwino amene ankabwera kudzawaona anamvetsera pachifuwa n'kupukusa mutu.

"Mtima ukugunda ngati wa munthu amene wagwira ntchito yolemetsa. Kodi mumawayendetsa?"

Tinayang'anana.

Apongozi aakazi anayesa zonse zimene akanatha. Anabisa nsapato ndi chipewa pansi pa sutikesi. Anaitana anzawo a mapemphero, amene anaimba mpaka mawu kusasa. Ankagona atawakumbatira, mwendo atawapingasa nawo. Tambala akalira, ankatsala atakumbatira thupi lozizira.

Ndiye amuna anga anaganiza zawo. Anapita kwa a Pang'onopang'ono kukawapempha kuti asamaime pasiteji yathu. Ine ndizikakwerera siteji ya kumtunda.

"Akaona kuti basi palibe, abwerera kunyumba," anatero amuna anga.

Adalaivala anakanda mutu nthawi yaitali. "Achimwene, munthu ameneyu sindinamusiyepo chiyambire. Koma poti ndinu mwana wawo, ndiyesa."

M'mawa umenewo kunali chifunga. Ndinakwerera kumtunda, mpando wa kumbuyo kwa dalaivala uli wopanda munthu. Tikuyandikira siteji yathu, basi yonse inatembenukira kumawindo. Pansi pa getsi la pasiteji anali ataima. Chipewa chili kumutu, chomwe chija chinali pansi pa sutikesi. Ataona magetsi a basi anakweza dzanja. La kumanja, lakufa lija.

Basi sinaime.

Ndinayang'ana pawindo la kumbuyo. Dzanja linatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana uku ndi uku, ngati munthu amene sakumvetsa. Kenako anayamba kuyenda. Sanatembenukire kunyumba. Ankatitsatira, m'mphepete mwa msewu, akucheperachepera m'chifunga.

Kutsogolo adalaivala ankapukuta nkhope ndi mkono.

Masana amuna anga anandiimbira ndili kuntchito kuti ndibwere kunyumba msanga. Ndinapeza apongozi aakazi atagwada pambali pa bedi, akuwatikita manja. Dzuwa linali litapendeka, munthu asanafundebe. Milomo inali yotuwa. Tinaika mabotolo a madzi otentha m'mbali mwawo. Tinayembekeza. Mithunzi itatalika panja, galu anauwa kamodzi pageti, ndipo a Boyila anakoka mpweya wautali, wokhala ngati ukung'amba pachifuwa.

Amuna anga atavundukula bulangete kumapazi, anabwerera m'mbuyo. Mapazi amene tinawasambitsa ndi kuwadzoza dzulo lake anali ndi matuza. Ena anali ataphulika. Chidendene chinali chong'ambika, ndipo pakati pa zala panali fumbi la mumsewu.

Anatenga beseni okha. Anawatsuka mapaziwo akulira ngati mwana.

"Ndawayendetsa pansi bambo anga. Ulendo wonse uja, kupita ndi kubwera. Ine."

A Boyila ankangowayang'ana. M'maso mwawo munalibe mkwiyo. Munali kutopa kokha.

Mawa lake a Pang'onopang'ono anaima pasiteji yathu nthawi yaitali kuposa kale. Ndikukwera anandiuza osandiyang'ana, "Mlongo, mukawauze amuna anu kuti asadzandipemphenso zimene zija."

Patapita masiku ochepa, ndikumanga mpango m'mamawa, ndinamva kugogoda pawindo. Ndinatsegula katani pang'ono. Anali apongozi aakazi, atavala diresi lawo la kutchalitchi ndi nsapato zimene zimawapweteka.

"Apongozi, tiyeni. Lero ndipita nanu."

"Kuti, amayi?"

"Kumene amapitako. Sindinakuonepo. Mwana wanga akhala nawo."

Tinayenda awiri mumdima, galu ali patsogolo pathu mpaka pageti, akugwedezera mchira munthu amene sitinkamuona. Mame ananyowetsa mapazi. Kutali kunkamveka pompa wa madzi ndi chitseko cha malata chikumenyeka ndi mphepo.

Basi itafika, adalaivala anawaona n'kuvula kapusi. Apongoziwo sanali antchito, koma palibe amene anafunsa. Titakwera, a Boyila anali atakhala kale pamalo pawo. Apongozi aakazi anaima pakati n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Ali pati?" ananong'ona.

"Apo, amayi. Pawindo."

Anayang'anitsitsa. Kenako anayang'ana ine, n'kuyang'ana Mayi Wailesi, n'kuyang'ana adalaivala.

"Nonsenu mukuwaona?"

Tinavomera ndi mitu.

"Ine ndikuona mpando." Anatembenukira kwa ine. "Anthu a mumsewu akuwaona, ine amene ndimawasambitsa ayi."

Mayi Wailesi anaphimba nkhope ndi nsalu. Koma apongozi anakonza diresi lawo n'kukhala pampando umene aliyense ankaupewa. Tsiku limenelo ine sindinapite kumapeto. Ndinakhala kumbuyo kwawo.

Basi inanyamuka. Poyamba apongozi aakazi ankangoyang'ana panja, kudutsa pa munthu amene sankamuona.

"Ndiye mlatho mumanena uja ndi umenewu," anatero motsitsa. "Mumati ndi waukulu. Si waukulu, bambo." Patapita kanthawi anati, "Apa ndi pamene munagwa ndi njinga chaka chija? Munandinamiza kuti ndi galimoto inakukankhani. Palibe n'pokhota pomwe."

Wina kumbuyo anaseka mwa misozi n'kudziletsa.

Kenako anasendera pafupi ndi windo. Mawu anatsika mpaka sindinkamvanso, ngakhale ndinali pafupi. Analankhula nthawi yaitali. Ine ndinkaona mlomo wawo uli pafupi ndi khutu lopindika lija. Iwo ankalankhula ndi mphepo. Chimene ndinamva ndi chomalizira chokha.

"Mwamva, bambo? Mundiyankhe."

A Boyila sanatembenuke.

Tinafika pageti la fakitale. Basi inaima. Chitseko chinatseguka, ndipo kunalowa mphepo yozizira ya fungo la sopo wosaphika. Nthunzi inkafuka m'ngalande.

A Boyila anayamba kunyamuka.

"Akunyamuka, amayi," ndinanong'ona.

Apongozi anatambasula dzanja n'kuliika pamene ankaganiza kuti pali bondo. Sanaphonye. Sanakoke, sanakanikize. Anangoliika.

Munthu uja anaima theka, atawerama, dzanja limodzi lili pachitsulo cha kumbuyo kwa dalaivala. Osakhala, osaimirira. Injini inkagunda. Mlonda wa pageti anayang'ana basi, kudabwa chimene yaimira. M'kati mwa fakitale makina ena anayamba kulira.

Kenako a Boyila anakhala.

A Pang'onopang'ono anayang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Sakutsika," anatero ndi mawu a pansi. Anatseka chitseko mosamala ngati m'basimo muli khanda logona.

Anthu anatsika m'malo mwawo mmodzimmodzi, aliyense akudutsa pampando uja mwaulemu. Pakampani yathu ine sindinatsike. Mayi Wailesi anati akawauza abwana anga kuti kunyumba kuli matenda, ndipo limenelo silinali bodza. Basi itatsala ndi ife tokha, adalaivala sanapite kukaiimika kumene amaiimika. Anaitembenuza n'kubwerera njira yomwe tinadzera.

Kunja kunayamba kuyera. Msewu unadzaza ndi njinga, ana a sukulu, amayi osenza madengu, onse akulowera kumene ife tinkachokera. Ndinayang'ana panja kanthawi kochepa chabe, dzuwa litandithobwa m'maso. Nditabweza maso, pawindo panalibe munthu. Adalaivala akuti iwonso sanaone nthawi imene anachoka. Apongozi aakazi dzanja linali pomwepo, pampando, mpaka tinafika pasiteji yathu.

Amuna anga anatichingamira pageti, opanda nsapato.

"Afunda kale," anatero. "Sanafundepo msanga chonchi. Ndipo pakamwa pakugwedera. Akufuna kunena kanthu, koma ine akundikana. Maso ali pakhomo."

Tinalowa. M'chipindamo munalibe fungo la utsi. A Boyila anali chigonere mmene tinawasiyira, koma maso anakumana ndi a akazi awo pakhomo pomwepo n'kuwatsatira mpaka pambali pa bedi. Mlomo wopotoka uja unanjenjemera. Khosi linatupa mitsempha. Malovu anatsikira pa pilo. Anayesa, kukanika, kuyesanso. Kenako mawu anatuluka, olemera, okhala ngati akuchokera pansi pa chitsime.

"E… eya, mayi."

Apongozi aakazi anavula nsapato zowapweteka zija, kuziika pansi pa bedi, n'kukhala. Anawapukuta pakamwa ndi m'mphepete mwa diresi la kutchalitchi.

"Chabwino," anatero. "Ndamva."

Kuyambira tsiku limenelo sanakwerenso basi. Tambala ankalira iwo ali mtulo, ofunda. Sanalankhulenso mawu ena, ndipo mbali yakufa ija sinadzuke. Koma masaya anabwererako pang'ono. Amuna anga anawakhomera mpando wotsamira, ndipo m'mawa tinkawatulutsa pakhonde, akazi awo ali pambali akusankha nyemba kapena kungokhala. Anakhala choncho nyengo yonse yozizira. Anamwalira masana ena kukutentha, mutu uli pamiyendo ya akazi awo, wailesi ikulira chapansipansi. Pamaliro anthu a m'basi anabwera onse, ndipo a Pang'onopang'ono ananyamula nawo bokosi.

Ena ankayembekeza kuti akamwalira ndiye ayambiranso kuoneka. Sanaonekepo. Pampando paja pano pamakhala mtsikana wina watsopano wa kufakitale ya mabisiketi, amene sadziwa kanthu, ndipo tinagwirizana kuti tisamuuze.

Amuna anga amati mwina bambo awo anangobuula, ife n'kumva mawu. Amanena choncho masana. Koma anali m'chipindamo, ndipo anamva ngati mmene ndinamvera ine.

Chimene apongozi aakazi anafunsa m'basi muja sindikuchidziwa. Ndinadikira mpaka maliro ataiwalika pang'ono. Tsiku lina tikuyanika zovala, ndinalimba mtima.

"Amayi, kodi tsiku lija munawafunsa chiyani?"

Anakung'untha pilokesi, kuliyanika, n'kulikonza m'makona mosafulumira. Ndinkaganiza kuti sanamve. Kenako anandiyang'ana kudutsa pamwamba pa chingwe.

"Apongozi, inu muli ndi amuna anu. Muziwafunsa zanu adakali ndi pakamwa." Anawerama n'kutola chovala china m'beseni. "Ine anandiyankha. Basi."